Pachiyambi Panali Tao: Pamene Nzeru za Laozi Zimakumana ndi Chikhristu, ndi Pamene Zimapatukana

Mkhristu wa ku China akatsegula Baibulo pa Yohane 1:1, sapezapo liwu lakuti "Mawu" monga timalipezera ife mu Buku Lopatulika. Iye amawerenga kuti Taichu you Dao, ndiko kunena kuti "Pachiyambi panali Tao." Akatsikira pa vesi 14 amapeza kuti Tao uja anasandulika thupi nakhala pakati pathu. Ndi mmene linalembedwera Baibulo la Union Version, lomwe linatuluka mu 1919 ndipo mpaka lero ndi limene mipingo yambiri ya Chipulotesitanti ku China imawerenga pa Sabata. Choncho funso lakuti kodi nzeru za Chitao zingayende limodzi ndi chikhulupiriro cha Chikhristu silinayambe dzulo ndi azungu okonda kusinkhasinkha atapinda miyendo ayi. Lili m'Baibulo mwenimwenimo, ndipo anthu akhala akulimbana nalo kwa zaka pafupifupi 1,400.

Si onse anagwirizana nalo liwuli. Robert Morrison, mmishonale amene anafika ku China mu 1807 ndipo Baibulo lake lonse linasindikizidwa mu 1823, anasankha liwu lakuti yan, lomwe ndi mawu wamba otuluka pakamwa. Amene anakonzanso ntchito yake m'zaka za m'ma 1830 ndiwo anabweretsa Tao. Akatolika, m'Baibulo lawo la mu 1968 lomwe anatsogolera wansembe wa ku Italy Gabriele Allegra, analemba shengyan, "Mawu Oyera." Mumzinda umodzi, matchalitchi awiri oyang'anizana amawerenga vesi imodzi mosiyana.

Nditayamba kulemba nkhaniyi ndinapunthwa pa kanthu kakang'ono. Ndilembe kuti "Tao ali" kapena "Tao ili"? Liwu lachilendo likalowa m'Chichewa silingakhale lopanda mtundu, mneni amafuna adziwe. Ndikati "Tao ali," khutu limamva ngati ndikunena winawake. Ndikati "Tao ili," likumva chinthu, monga timanenera kuti njira ili apo. Chitchaina chakale sichikakamiza wolemba kusankha, koma Chichewa sichilola kuzemba. Ndipo nditaganiza bwino ndinaona kuti mkangano wonse wa zaka 1,400 uja wagona pa kachilembo kameneka.

Kodi Tao n'chiyani?

Liwuli ena amalemba Tao, ena Dao, koma ndi limodzi. Tanthauzo lake loyamba ndi njira, msewu woyendamo. Limatanthauzanso kachitidwe ka chinthu, chiphunzitso, ndiponso kulankhula. Omasulira Baibulo anakopeka ndi zimenezi, chifukwa liwu lachigiriki lakuti logos nalonso limanyamula zinthu ziwiri, mawu olankhulidwa ndi dongosolo limene likugwira chilengedwe. Onjezerani kuti Yesu anati "Ine ndine njira," komanso kuti m'buku la Machitidwe Akhristu oyamba ankatchedwa anthu a Njira, mudzaona chifukwa chake zinaoneka ngati mphika wapeza chivundikiro chake. Tisaiwale kuti liwuli si la a Chitao okha. Ophunzira a Confucius, mphunzitsi wamkulu wakale wa ku China, nawonso ankalankhula za Tao, kutanthauza njira yoyenera ya khalidwe la munthu. Koma amene analikweza kufika ponena za gwero la zinthu zonse ndi buku la Daodejing.

Bukuli ndi laling'ono, mitu 81, zilembo pafupifupi 5,000. Mwambo umati analemba ndi Laozi, mkulu wosunga zolembedwa kunyumba ya mfumu, amene atatopa ndi kuvunda kwa dziko anakwera ng'ombe kulowera kumadzulo, ndipo mlonda wa pachipata anamuumiriza kuti asanapite alembeko nzeru zake. Akatswiri ambiri a mbiri amaona kuti bukuli linasonkhanitsidwa pang'onopang'ono. Zidutswa zake zakale kwambiri, zolembedwa pa timizere ta nsungwi, zinapezeka mu 1993 m'manda ena ku Guodian, ndipo ndi za cha m'ma 300 Khristu asanabadwe. Buku lachiwiri lofunika ndi la Zhuangzi, munthu wanthabwala ndi nthano, amene anakhala ndi moyo m'zaka za m'ma 300 zomwezo.

Mutu 25 wa Daodejing umati pali chinachake chimene chinalipo kumwamba ndi dziko zisanakhale, chachete, choima pachokha, chosasintha, chimene tingachitche mayi wa zonse. Wolembayo akuti dzina lake salidziwa, angolitcha Tao, ndipo atakakamizidwa kupereka dzina angati "Chachikulu." Mutu woyamba umayamba ndi chenjezo lakuti Tao imene ingathe kunenedwa si Tao yamuyaya.

Pali kusiyanitsa kumodzi kofunika tisanapitirire. Nzeru za m'mabuku awiriwa ndi china, chipembedzo cha Chitao ndi chinanso. Chipembedzocho chimawerengedwa kuti chinayamba mu 142 ndi Zhang Daoling, ndipo chili ndi akachisi, ansembe, milungu yambiri, zithumwa, miyambo ya maliro, komanso kufunafuna moyo wosafa. Akatswiri amakono amati malire a ziwirizi si owongoka ngati mmene azungu akale ankafunira, ndipo akunena zoona. Komabe pafupifupi Akhristu onse amene analankhulapo zoyanjanitsa Chitao ndi Chikhristu ankanena za mabukuwo, osati za guwa la nsembe.

Mwala wa ku Xi'an

Mu 635 mmonke wina dzina lake Alopen anafika ku Chang'an, likulu la ufumu wa Tang, mzinda umene lero ndi Xi'an. Anali wa Mpingo wa Kum'mawa, womwe unali ndi mphamvu ku Persia ndipo unkapemphera m'Chisiriya. Mfumu Taizong inalamula kuti mabuku ake amasuliridwe, ndipo mu 638 inatulutsa chilolezo choti chipembedzochi chifalitsidwe ndi kuti amange nyumba ya amonke 21. Chilolezocho chikuyamba ndi mawu akuti Tao ilibe dzina limodzi lokhazikika, ndipo woyera mtima alibe thupi limodzi lokhazikika. Banja lachifumu linali la mfunda wa Li, ndipo linkati Laozi ndi kholo lawo. N'chifukwa chake mwala wa ku Xi'an, utangotchula chilolezocho, ukukumbutsa za ngolo ya ng'ombe ya Laozi imene inalowera kumadzulo ufumu wakale utavunda, kenako n'kunena kuti tsopano mphepo yowala yaomba kubwera kum'mawa. M'maso mwa mfumu, Alopen sanabweretse chachilendo. Zinali ngati madzi akumbukira khwawa lawo.

Zonsezi tikuzidziwa chifukwa cha chimwala chachitali mamita oposa awiri ndi theka chimene chinaimikidwa mu 781, chinakwiririka, n'kudzafukulidwa cha m'ma 1620. Lero chili m'nyumba yosungira miyala yolembedwa ya Beilin ku Xi'an. Pamwamba pake pali mtanda wotuluka m'duwa la m'madzi ndi m'mitambo. M'mbali mwake muli mayina a atsogoleri a mpingo pafupifupi 70, ambiri m'zilembo za Chisiriya. Analemba mawu ake ndi mmonke wotchedwa Adam, amene dzina lake lachitchaina linali Jingjing, ndipo munthuyu ankadziwa kuyankhula ndi eni dziko. Mulungu anamutcha Aluohe, kuchokera ku liwu la Chisiriya lakuti Alaha, koma pofotokoza chilengedwe anati Mulunguyo anautsa mphepo yoyamba nabala mphamvu ziwiri, zomwe wowerenga aliyense akanazizindikira kuti ndi yin ndi yang, mphamvu zosinthanasinthana monga mthunzi ndi dzuwa. Pofika potchula dzina la chipembedzo chake analemba kuti Tao yoona ndi yosasintha ndi yodabwitsa, yovuta kuitcha dzina, ndipo "mokakamizika" tikuitcha Chiphunzitso Chowala. Ameneyu ndi mutu 25 wa Laozi atauveka malaya a ubatizo.

Pamwalapo pali kubadwa kwa Mesiya mwa namwali, pali anthu a ku Persia obwera ndi mphatso ataona kuwala, pali ubatizo, pali kukwera kumwamba. Koma imfa ya pamtanda yangokhudzidwa mophiphiritsa. M'zolembedwa zina za mpingo womwewu, zomwe zinasungidwa m'phanga la ku Dunhuang, muli buku lina losimba mwachindunji za Pilato ndi kupachikidwa, pomwe lina, lonena za mtendere ndi chimwemwe chobisika, likuonetsa Mesiya akuphunzitsa Simoni kusakhumba ndi kusachita, mopanda mtanda n'komwe. Anthu amene amadana ndi kusakaniza amaloza buku lachiwirili n'kumati, mwaona, mapanga awiri avumbwitsa.

Ine sindifulumira kuvomereza kuti mpingowu unafa chifukwa chobwereka mawu. Unafa chifukwa unatsamira kwambiri pa chisomo cha mafumu, ndiponso ambiri mwa anthu ake anali alendo ochokera ku Persia ndi pakati pa Asia. Mu 845 mfumu Wuzong, wokonda kwambiri chipembedzo cha Chitao, anaukira Chibuda ndi zipembedzo zonse zakunja, ndipo amonke achikhristu anakakamizidwa kusiya umonke. Chaka chotsatira mfumuyo inamwalira, ndipo olemba mbiri amaloza mankhwala ofunira moyo wosafa amene inkamwa. Pofika mu 987, mmonke wina wobwerera kuchokera ku China anauza wolemba mabuku wa ku Baghdad kuti Chikhristu chatheratu kumeneko. Chodabwitsa china n'chakuti amene anatulukira phanga la Dunhuang mu 1900, momwe munali zolembedwa zachikhristu zija, anali wansembe wa Chitao, Wang Yuanlu.

Ajezuiti, gulu la ansembe a Chikatolika, atabwera, mmodzi wa iwo Matteo Ricci, amene anafika ku Beijing mu 1601 n'kumwalira mu 1610, anasankha kupalana ubwenzi ndi ophunzira a Confucius, ndipo Chitao anachikankhira kumbali. Koma pambuyo pake kagulu kena ka Ajezuiti a ku France, monga Joachim Bouvet ndi Joseph de Prémare, kanapita mbali inayo mopyola muyezo. Ankasanthula mabuku akale a ku China kufunafuna zizindikiro za Uthenga Wabwino. Mutu 42 wa Daodejing umati Tao inabala chimodzi, chimodzi chinabala ziwiri, ziwiri zinabala zitatu, zitatu zinabala zinthu zonse, ndipo anthu a maganizo amenewa anati uwu ndi Utatu Woyera. Kumasulira kwa Daodejing m'Chilatini komwe kunaperekedwa ku bungwe la akatswiri la Royal Society ku London mu 1788 kunali ndi cholinga chomwechi. Mu 1823 katswiri wa ku Paris, Jean-Pierre Abel-Rémusat, anafika ponena kuti mawu atatu a m'mutu 14, yi, xi ndi wei, ndi dzina la Yehova lobisika. Mawuwo amangotanthauza chosaoneka, chosamveka ndi chosagwirika. Munthu akafunitsitsa kuona nkhope ya m'bale wake, ngakhale chitsa chimam'mwetulira.

Pamene akumana moona

Tikachotsa zokakamizazo, zotsala n'zokwanira kudabwitsa munthu.

Tiyambe ndi madzi. Mutu 8 umati ubwino wopambana uli ngati madzi, amathandiza zinthu zonse osalimbana nazo, ndipo amakakhala pamalo otsika pamene anthu amapanyoza. Mutu 66 umati mitsinje ikuluikulu ndi nyanja ndi mafumu a zigwa zonse chifukwa zili pansi pa zigwazo. Mkhristu akawerenga izi amaona beseni ndi thaulo la pa Yohane 13, ndipo amamva Afilipi 2, pamene Khristu anadzikhuthula natenga maonekedwe a kapolo. Mutu 78 ndi umene umaimitsa ambiri: wosenza nyansi za dziko ndiye mwini maguwa a dzikolo, wosenza matsoka a dziko ndiye mfumu ya pansi pa thambo. N'kovuta kuwerenga zimenezi osakumbukira Yesaya 53. Mutu 63 umati choipa uchibwezere ndi ubwino. Confucius atafunsidwa za mfundo yomweyi anakana, nati ukatero ubwino udzaubwezera ndi chiyani, choipa uchibwezere ndi chilungamo. Pa nkhani iyi Laozi ali pafupi ndi Ulaliki wa pa Phiri kuposa mnansi wake.

Kenako pali wu wei, mawu amene anthu amamasulira molakwika kuti kukhala manja lende. Tanthauzo lake ndi kusakakamiza, kuchita chinthu motsata mmene chinthucho chilili. Zhuangzi akusimba za wophika wina, Ding, amene ankasadzula ng'ombe pamaso pa mfumu. Mpeni wake unkayenda ngati ukuvina. Atafunsidwa chinsinsi anati wodula nyama wamba amasintha mpeni mwezi uliwonse chifukwa amatema mafupa, waluso amasintha pachaka chifukwa amacheka, koma wakewo watha zaka 19, wadutsa m'ng'ombe zikwizikwi, ndipo ukadali ngati wangochoka pa mwala wonolera. Pakati pa mfundo za mafupa pali mipata, ndipo iye amangolowetsa mpeni mumpata umene ulipo kale. Akafika povuta sawonjezera mphamvu, amachepetsa liwiro, maso ali tcheru, mpaka nyama yagwa yokha ngati dothi. Laozi akunena zomwezo mwachidule m'mutu 60: kulamulira dziko lalikulu kuli ngati kuphika nsomba zing'onozing'ono. Aliyense amene anaphikapo usipa wauwisi amadziwa chimene chimachitika ukamautakasa pafupipafupi.

M'Baibulo, malo oyandikana kwambiri ndi mfundoyi ndi fanizo la pa Marko 4:26-29. Munthu wafesa mbewu, akugona ndi kudzuka usiku ndi usana, mbewu ikumera ndi kukula iye osadziwa mmene zikuchitikira, nthaka ikubala yokha. Palinso maluwa akuthengo osagwira ntchito kapena kupota, komanso mawu a Paulo akuti salinso iye amene ali ndi moyo koma Khristu mwa iye. Ndikuganiza kuti apa ndi pamene Mkhristu angapindule kwambiri. Chikhristu chathu nthawi zambiri chimasanduka phokoso ndi mapologalamu, kukankha zitseko, kulamula Mulungu nthawi yoti ayankhire. Wophika Ding amatikumbutsa chinthu chimene chili kale m'Baibulo lathu, koma tinachikwirira ndi zokuzira mawu.

Chachitatu ndi kusatheka kwa kumutcha dzina. Mose atafunsa dzina pa chitsamba choyaka moto anayankhidwa kuti "Ine ndine yemwe ndili ine," yankho limene likupereka dzina ndi kulibisa nthawi imodzi. Augustine, mphunzitsi wakale wa Mpingo, ananena kuti ngati wamumvetsa, ameneyo si Mulungu. Gregory wa ku Nyssa analemba za Mose akulowa mumdima wa paphiri kukakumana ndi Mulungu. Anthu amenewa sanawerengepo Laozi, koma akanamva chiganizo choyamba cha buku lake akanagwedeza mutu movomereza.

Agalu a udzu

Tsopano tibwerere ku kachilembo kaja. Mutu 5 umati kumwamba ndi dziko zilibe chifundo cha umunthu, zimatenga zinthu zonse ngati agalu a udzu. Buku la Zhuangzi limafotokoza agalu amenewa. Ankawaluka ndi udzu pokonzekera nsembe, n'kuwaika m'bokosi, n'kuwafunditsa nsalu zokongoletsedwa, ndipo wansembe ankadziyeretsa asanawanyamule. Mwambo ukatha ankawataya panjira, odutsa n'kumawaponda mitu ndi misana, otola zinyalala n'kukawasonkhezera pamoto. Wang Bi, wothirira ndemanga wotchuka amene anamwalira mu 249 ali ndi zaka 23 zokha, anati izi sizikutanthauza nkhanza, koma kuti kumwamba sikukondera, kumasiya chilichonse chiyende mwa chokha. Ndi zoona, ndipo Yesu nayenso anati dzuwa limawalira oipa ndi abwino. Koma taonani kusiyana kwake. Kwa Yesu dzuwalo ndi la Atate, ndipo limawala chifukwa Atatewo amakonda ngakhale adani awo. Yemweyo anati mpheta imodzi sigwa pansi Atate osadziwa, ndipo tsitsi la m'mutu mwanu analiwerenga.

Tao ya Laozi imabala, imadyetsa, siidzitama, siilamulira. Pena bukuli limafika pafupi kwambiri, monga m'mutu 67 pamene likuti amene kumwamba kukufuna kumupulumutsa kumamutchinga ndi chifundo. Koma m'mitu yonse 81 palibe pamene munthu akulankhula ndi Tao, kapena Tao ikuitana munthu ndi dzina. Siichita pangano, siimva kulira kwa akapolo ku Iguputo, siifunsa kuti "Ali kuti m'bale wako?" Munthu angathe kugwirizana nayo monga wosambira amagwirizanira ndi mkokomo wa madzi, koma sangaiuze kuti "Inu." Pemphero lachikhristu lonse laima pa "Inu" ameneyo.

Kuchokera pamenepa zina zonse zimapatukana. Kwa Laozi vuto la munthu ndi kupatuka pa chibadwa chake chifukwa cha zilakolako, nzeru zochenjeretsa ndi malamulo ochuluka, ndipo mankhwala ake ndi kubwerera, kukhalanso ngati khanda kapena mtengo wosasema. Kwa Mkhristu vuto ndi ubale wosweka ndi winawake, ndipo ubale sukonzeka pongokhala chete, pamafunika kukhululukidwa. Za yin ndi yang, amene amati ndi zabwino ndi zoipa zofunika kulinganizidwa amalakwira Chitao chomwe. Mawuwa poyamba ankanena mbali ya phiri ya mthunzi ndi mbali ya dzuwa, usiku ndi usana, kuzizira ndi kutentha. Komabe Zhuangzi amakayikira kwambiri kuweruza kwa anthu pa chabwino ndi choipa, ndipo mneneri ngati Amosi, wofuula kuti chilungamo chisefukire ngati madzi, sangakhale momasuka pamkeka umenewo. Madzi a Laozi amatsika mwakachetechete, madzi a Amosi amakokolola.

Ngakhale kudzichepetsa kuja kuli ndi nkhope ziwiri. Mbali yaikulu ya Daodejing ndi malangizo kwa wolamulira: dziike kumbuyo ndipo udzapezeka kutsogolo. N'chifukwa chake ndemanga yakale kwambiri ya bukuli imapezeka m'zolemba za Han Fei, katswiri wa ulamuliro wankhanza amene anamwalira mu 233 Khristu asanabadwe. Wina anganene kuti Yesu nayenso anati wodzichepetsa adzakwezedwa, ndipo sanganame. Koma mtanda si njira yochenjera yopezera mpando. Munthuyo anafadi, ndipo anafera ena.

Pa imfa ndiye pamaonekera zonse. Mkazi wa Zhuangzi atamwalira, bwenzi lake Huizi anapita kukakhuza maliro, ndipo anamupeza atakhala pansi miyendo ili tambalale, akuimba nyimbo kwinaku akuomba beseni ngati ng'oma. Huizi anakalipa: mkazi amene wakhala nawe, wakulerera ana, wakalamba nawe, kusalira kokha n'kokwanira, koma mpaka kuimba? Zhuangzi anayankha kuti poyamba nayenso zinamupweteka. Koma ataganiza anaona kuti kalelo mkaziyo analibe moyo, analibe thupi, analibe ngakhale mpweya. Zinthu zinasintha, anakhala ndi moyo, tsopano zasinthanso, monga nyengo zinayi zimatsatirana. Iye wagona mwamtendere m'chipinda chachikulu, ndiye ine ndizimulondola ndi kulira? Nkhaniyi ndi yokongola, ndipo ili ndi chitonthozo chake. Koma muiike pafupi ndi Yohane 11. Yesu waima pa manda a Lazaro, akudziwa chimene achite, komabe akulira, kenako akuitana wakufayo ndi dzina lake. Paulo akuitcha imfa mdani wotsiriza. Kwa Zhuangzi mkazi uja wabwerera m'kusintha kwa zinthu zonse. Kwa Mkhristu Lazaro akadali Lazaro. Munthu sangakhulupirire ziwirizi nthawi imodzi pa maliro a mayi ake.

Choncho pamene omasulira aja analemba kuti Tao anasandulika thupi, sanangobwereka liwu, analisenzetsa katundu amene silinanyamulepo. Yohane anachita chimodzimodzi ndi logos wa Agiriki, amene kwa anzeru awo sakanatha kumva ludzu pachitsime. Ifenso tinaona zoterezi kwathu kuno. Mayina akuti Mulungu, Chauta, Namalenga ndi Mphambe analipo amishonale asanafike, ndipo Buku Loyera la mu 1998 linaika Chauta pamene Buku Lopatulika linalemba Yehova. Liwu lakale limabwera ndi fungo la kwawo, ndipo nkhani yatsopano imalisintha pang'onopang'ono. Funso lenileni ndi lakuti pakati pa liwulo ndi nkhaniyo, chikuwongolera chinzake ndi chiti.

Anthu amene anayenda njirayi

John Wu, kapena Wu Jingxiong, anabadwa mu 1899, anali woweruza ndi katswiri wa malamulo amene anathandiza kulemba malamulo aakulu a dziko la China. Analowa Chikatolika mu 1937 atawerenga mbiri ya Thérèse wa ku Lisieux, sisitere wa ku France amene anamwalira ali ndi zaka 24 ndipo ankaphunzitsa "kanjira kakang'ono" kodzichepetsa ngati mwana. Wu anaona mwa mtsikanayu mtima wosagwiritsitsa zinthu umene anauphunzira kwa Laozi. Anamasulira Masalimo ndi Chipangano Chatsopano m'Chitchaina cha akatswiri, ndipo ngakhale anali Mkatolika, pa Yohane 1:1 analemba Tao. Anamasuliranso Daodejing m'Chingerezi, anakhalapo kazembe wa China ku Vatican, ndipo sankaona kuti ntchito ziwirizi zikulimbana. Koma sankapita kukachisi kukafukiza lubani. Kwa iye Laozi anali mphunzitsi amene anamuperekeza mpaka pakhomo.

Wu yemweyu ndiye anathandiza Thomas Merton, mmonke wa kunyumba ya amonke ya Gethsemani ku Kentucky, ku America, kulemba buku lake la nthano za Zhuangzi lomwe linatuluka mu 1965. Merton sankadziwa Chitchaina, ankayerekeza zomasulira za ena. Chimene ndimamulemekezera n'chakuti ananeneratu kuti sakufuna kuchita matsenga otulutsa akalulu achikhristu m'chipewa cha Chitao. Anamukonda Zhuangzi monga alili, osamubatiza mokakamiza. Chaka chomwecho msonkhano wa Vatican wachiwiri unalengeza kuti Mpingo sukana chilichonse choona ndi choyera m'zipembedzo zina. Mu 1989 ofesi ya chiphunzitso ku Vatican, motsogozedwa ndi Joseph Ratzinger, inawonjezera chenjezo pa njira zosinkhasinkha za kum'mawa, kuti munthu angatengeko zothandiza, koma bata la m'thupi asalisokoneze ndi chisomo, chifukwa pemphero ndi kukumana kwa awiri. Mipingo yambiri ya Chipulotesitanti ku China ndi youma kuposa pamenepa, makamaka pakati pa anthu amene anachoka m'mabanja a zithumwa ndi maula. Kwa iwo Chitao si ndakatulo za madzi, ndi guwa limene linali pabalaza kwa agogo, ndipo munthu wa ku London amene anangokumana ndi Laozi m'sitolo ya mabuku sayenera kuwaseka.

Lin Yutang anayenda njira yozungulira kuposa onsewa. Anabadwa mu 1895 ku Fujian, mwana wa m'busa. Atakula anakwiya pozindikira kuti sukulu za mishoni zinamuphunzitsa za malipenga a Yoswa ku Yeriko koma osamuuza nthano za kwawo. Anasiya tchalitchi, nadzitcha wachikunja kwa zaka zoposa 30, ndipo analemba mabuku amene anadziwitsa azungu ambiri za Laozi ndi Zhuangzi. Mu 1959 anatulutsa buku lofotokoza kubwerera kwake ku Chikhristu, atayamba kupita ndi mkazi wake ku tchalitchi cha Presbyterian ku New York. M'bukumo Chitao sanachinyoze, anachipatsa mutu wathunthu wochiyamikira. Atafika ponena za Yesu anatsegula ndi mawu akuti zimitsani makandulo, dzuwa latuluka. Fanizo limenelo la miuni ndi dzuwa silichokera m'Baibulo. Muzu wake uli m'mutu woyamba wa Zhuangzi, m'nkhani ya mfumu Yao ndi munthu wina wodzipatula amene anakana ufumu.